KODI MAKAMPANI A TIYI A KU THYOLO NDI ENI MUDZI KAPENA AKAMWINI?

Mau oyamba

Aliyense amene anayendapo pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje kudzera pa Bvumbwe, pa boma la Thyolo ndi ku Luchenza, akudziwa mmene dera limeneli limakongolera. Zitunda ndi zigwa zimaoneka zobiriwira, ndipo mitengo ya tiyi imakhala yofanana msinkhu ngati kuti wina anachita kuimeta ndi lumo. M'mphepete mwa misewu ya m'bomali muli zikwangwani za maina amene tonse tinawamvapo: Satemwa, Naming'omba, Conforzi, Makandi, Nchima, Makwasa ndi ena.

M'kalasi timaloweza kuti tiyi amafuna mvula yambiri, malo okwera ndiponso dothi lakuya losadikha madzi, ndipo pa mayeso timakhoza. Koma pali funso lina limene silibwera pa mayeso ngakhale kuti anthu a ku Thyolo amalifunsa kawirikawiri. Funsolo ndi ili: kodi makampani amenewa, amene ena mwa iwo anabadwira komweko ndipo akhalako zaka 100, alichitira chiyani dera limene linawalera?

Kuti tiyankhe bwino, tiyeni tibwereke chitsanzo cha kumudzi. Pakati pa Alomwe ndi Amang'anja, amene ndiwo ochuluka ku Thyolo, mwamuna akakwatira amakakhala kwao kwa mkazi, ndipo amatchedwa mkamwini. Iye amalima ndi kudya za m'nthaka imene si ya makolo ake. Tsono akamwini alipo a mitundu iwiri. Wina amamanga nyumba ya njerwa, amadzala mapeyala ndi mango, amapezeka pa maliro ndi pa milandu, mpaka anthu amaiwala kuti anachita kubwera. Wina amangokolola n'kumatumiza kwao, ndipo sadzala mtengo chifukwa amati zipatso zake adzadya ndi ena. M'phunziro lino tiona kuti makampani a tiyi ali mbali iti, ndipo tiyesa kupeza njira yoyezera kampani iliyonse imene imati ndi ya kwathu.

Tiyi anafika bwanji ku Thyolo?

Tiyi si mbewu ya makolo athu. Mbewu yoyamba inafika ku Mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878 kuchokera ku Edinburgh, koma sinapulumuke. Ina inabwera m'chaka cha 1886 ndipo inamera. M'chaka cha 1891 Henry Brown anatenga mbewu ya mitengo imeneyi n'kukaidzala ku Mulanje, ndipo ulimi wa tiyi wogulitsa unayambira kumeneko. Ku Thyolo, kumene atsamunda ankakulemba kuti Cholo, tiyi anadzalidwa koyamba pa esiteti ya Bandanga m'chaka cha 1908. Chaka chomwecho njanji yodzera ku Luchenza inafika ku Blantyre, ndipo kutumiza katundu kunja kwa dziko kunayamba kuphwekerako.

Komabe kwa zaka zingapo azungu ambiri a ku Thyolo ankadalira fodya. Zinthu ziwiri ndi zimene zinawatembenuza. Choyamba, mtengo wa fodya wa m'maesiteti unagwa kwambiri cha m'ma 1928. Chachiwiri, m'chaka cha 1933 maiko olima tiyi wambiri monga India ndi Ceylon anagwirizana zochepetsa tiyi wotumiza kunja kuti mtengo wake ukwere. Mtengo utakwera, minda ya tiyi inakula ku Thyolo ndipo mafakitale anamangidwa.

Apa pali mfundo yofunika kuimvetsa. Masamba a tiyi akathyoledwa sachedwa kuonongeka, choncho ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo. Kumeneko amawafotetsa, amawadula, amawasiya kuti afiire, amawaumitsa ndi moto wa nkhuni za bulugama, kenaka amawasankha m'magiredi. Pamafunika makilogalamu oposa 4 a masamba aawisi kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, motero palibe amene angafune kuwanyamula mtunda wautali. Kuonjezera apo, mtengo wa tiyi umatenga zaka zingapo usanayambe kupindulitsa mwini wake, ndipo ukakhazikika umakhala zaka makumi ambiri. Kampani ya tiyi singalongedze katundu usiku n'kusamuka monga amachitira wogulitsa kaunjika. Wodzala tiyi ndiye kuti wakwatira pamalopo.

Makampani amene anabadwira ku Thyolo

Tisabise mau: maesiteti akuluakulu onse a nthawi ya atsamunda anayambitsidwa ndi anthu obwera. Komabe ena mwa makampaniwa sanali nthambi za makampani a kunja. Anayambira pa nthaka ya Thyolo, ndipo eni ake anamanga nyumba ndi kulera ana awo pompo.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi Satemwa. Esiteti imeneyi anaiyambitsa m'chaka cha 1923 ndi Maclean Kay wa ku Scotland, amene poyamba ankagwira ntchito m'minda ya mphira ku Malaya. Iye anamanga nyumba yake, Huntingdon House, m'chaka cha 1928, ndipo pambuyo pake nyumbayo inasanduka malo ogona alendo. Esitetiyi inachoka kwa iye kupita kwa mwana wake Robert, amene ankadziwika ndi dzina loti Chip, kenaka kwa mdzukulu wake Alexander. Mibadwo itatu ya banja limodzi pa malo amodzi si nkhani yaing'ono.

Conforzi ndi dzina la Ignaco Conforzi wa ku Italy, amene analemera ndi fodya n'kuika chuma chake mu tiyi ku Thyolo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse boma la atsamunda linatenga ulamuliro wa minda yake chifukwa Italy inali mdani wa Britain, koma dzina lake likadali pa esitetiyo. Naming'omba inali m'manja mwa banja la Barrow. Malcolm Barrow anali mlimi wa tiyi komanso nduna m'boma la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene Amalawi anachikana mpaka chinatha m'chaka cha 1963. Nchima inali ya banja la Gardiner la ku England.

Zaka zikamapita, eni amasintha. M'chaka cha 2012 Makandi inagulidwa ndi kampani ya Dhunseri ya ku Kolkata m'dziko la India, ndipo m'chaka cha 2014 Naming'omba inagulidwa ndi Gillanders Arbuthnot, ya ku Kolkata komweko. Eastern Produce, imene ili ndi maesiteti monga Makwasa ndi Mianga, ili pansi pa kampani ya Camellia ya ku England. Choncho chikwangwani chikhoza kukhala ndi dzina la Chichewa kapena la Chilomwe pamene mwini wake ali kutsidya kwa nyanja.

Malo ndi manja zinachokera kuti?

Tisanawerenge zimene makampaniwa apereka, tiyambe tawerenga zimene iwo analandira, pakuti kalaliki wolemba zotuluka zokha osalemba zolowa, buku lake silingakhulupirike.

Choyamba analandira malo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, Harry Johnston, amene ankalamulira dziko lino m'dzina la boma la Britain, anapereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu amene ankati anagula malowo kwa mafumu. Kawirikawiri malipiro ake anali nsalu, mikanda, mfuti ndi zina zotero, ndipo pa chikhalidwe chathu mfumu inalibe mphamvu yogulitsa nthaka ya anthu ake mpaka muyaya. Mwa njira imeneyi gawo lalikulu la boma la Thyolo linagwera m'manja mwa makampani monga British Central Africa Company, ndipo maesiteti ambiri a tiyi ali pa malo amene anatengedwa motere.

Chachiwiri analandira manja. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe ambiri anaoloka malire kuchokera ku Mozambique pothawa ulamuliro wankhanza wa Apwitikizi ndiponso njala. Eni maesiteti anawalola kumanga pa malo awo, koma lendi yake inali ntchito. Imeneyi ndiyo thangata. Kale mau amenewa ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, koma pa esiteti anasanduka ntchito yokakamiza, makamaka m'dzinja pamene munthu amayenera kukhala m'munda mwake. Wokana ankathamangitsidwa pamalopo.

Mkwiyo wa anthu unaphulika mu Ogasiti 1953. Nkhani inayambira pa esiteti ya Mangunda pafupi ndi Luchenza, pamene anthu awiri anagwidwa powaganizira kuti aba malalanje. Chipolowe chinafalikira ku Thyolo ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu 11 anafa. Gwero lenileni silinali malalanje ayi, koma malo, thangata ndi Chitaganya. M'zaka zimenezo boma linkagula malo ena kwa makampani kuti likhazikepo anthu, ndipo thangata inathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962. Tikamakamba za thandizo la makampani, tikumbukire kuti Thyolo ndiye anayamba kupereka.

Zimene makampani apereka

Tsono tiyeni tione mbali inayo mwachilungamo, pakuti zabwino zilipo ndipo munthu wozikana ndiye kuti watseka maso dala.

1. Ntchito. Dziko lathu limapanga tiyi wokwana makilogalamu pakati pa 40 ndi 50 miliyoni pa chaka, ndipo pafupifupi yense amachokera ku Mulanje ndi ku Thyolo. Pa nyengo yothyola kwambiri, maesiteti a m'dziko muno amalemba anthu pafupifupi 50,000. Alipo othyola tiyi, opalira, akapitawo, akalaliki a pa sikelo, alonda, oyendetsa mathirakitala, amakaniko ndi ogwira ntchito m'fakitale. Ndalama imene iwo amalandira simathera m'thumba mwao. Imafika kwa mayi wogulitsa nthochi ndi mbatata pa msika, kwa telala, kwa wa kabaza ndi kwa mwini chigayo. Tsiku la malipiro pa esiteti limamveka mpaka pa Luchenza ndi pa Bvumbwe.

2. Zipatala, sukulu ndi nyumba. Maesiteti akuluakulu ali ndi zipatala zazing'ono, nyumba za m'komboni za antchito ena ndiponso chakudya cha masana kwa amene ali pa ntchito. Pa Satemwa pali chipatala ndi sukulu ya pulayimale. Kwa mayi amene mwana wake watentha thupi usiku, chipatala chapafupi chikhoza kusiyanitsa moyo ndi imfa, makamaka ngati chipatala chachikulu cha pa boma kapena cha Malamulo chili kutali.

3. Maphunziro. Banja la Gardiner linakhazikitsa bungwe la Nchima Trust, limene lathandiza ana osauka ndi fizi ya ku sekondale ndi ku koleji. Ife amene tili pa sukulu tikudziwa bwino kuti ana anzeru ambiri amasiyira panjira chifukwa cha fizi, choncho thandizo lotere sitingalipeputse.

4. Ndalama ya Fairtrade. Satemwa inalowa m'dongosolo la malonda achilungamo lotchedwa Fairtrade. M'dongosololi wogula amaonjezera theka la dola ya ku America pa kilogalamu iliyonse ya tiyi, ndipo ndalama yoonjezerayo siipita kwa mwini esiteti. Komiti ya antchito ndiyo imasankha chochita nayo, monga mijigo, sukulu ya akuluakulu kapena chimanga chotsika mtengo pa nthawi ya njala. Ubwino wake ndi wakuti olandira thandizo ndi amene amasankha. Vuto lake ndi lakuti si tiyi yense amene amapeza wogula wotere.

5. Nkhalango. Phiri la Thyolo linali ndi nkhalango yowirira, koma mbali yake yaikulu inadulidwa ndi anthu ofuna minda ndi nkhuni. Zidutswa zimene zatsala zili makamaka m'malo a maesiteti, monga pa Satemwa, dzina limene likumveka ngati lamulo loteteza mitengo. M'zidutswa zimenezi mumakhala kambalame kosowa kamene akatswiri anakatcha Thyolo alethe, kutengera dzina la boma lomweli. Mitengo yotere imasunganso akasupe amene midzi ya kumunsi imatungako madzi.

6. Ndalama zakunja. Tiyi ndi imodzi mwa mbewu zimene zimabweretsa ndalama zakunja zochuluka m'dziko muno, pamodzi ndi fodya ndi shuga. Maesiteti ena a ku Thyolo amalimanso khofi ndi mtedza wa makademiya. Mafuta a galimoto, mankhwala ndi feteleza zimene dziko limagula kunja zimalipiridwa ndi ndalama zotere.

Mbali ina ya sikelo

Wothyola tiyi akabwera ndi dengu lake, kalaliki sayang'ana kukula kwa dengu koma kulemera kwake pa sikelo. Nafenso tiyeni tiike thandizoli pa sikelo, pamodzi ndi mavuto amene atsala.

Vuto loyamba ndi malipiro. Kwa zaka zambiri malipiro a wothyola tiyi akhala osakwanira kudyetsa, kuveka ndi kuphunzitsa banja. Komanso tiyi wochuluka amathyoledwa m'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo kapena Meyi, ndipo nyengoyi ikatha antchito ambiri amaimitsidwa. M'chaka cha 2015 eni maesiteti, ogula tiyi a kunja ndi mabungwe ena anayambitsa ndondomeko ya Malawi Tea 2020, imene cholinga chake china chinali chakuti wantchito azilandira malipiro okwanira pa moyo wake. M'chaka cha 2016 bungwe la eni maesiteti la Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la PAWU anasainirana pangano loyamba la malipiro okambirana. Malipiro anakwera ndithu, koma pofika 2020 cholinga chija chinali chisanakwaniritsidwe. Tsono funso ndi ili: kodi chabwino n'chiti, kumulipirira mwana mmodzi fizi, kapena kulipira makolo onse mokwanira kuti azilipirira okha ana awo?

Vuto lachiwiri ndi malo. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza anthu 721,456 m'boma la Thyolo, kutanthauza anthu oposa 400 pa sikweya kilomita imodzi. Ndipo chiwerengero chimenechi chikuphatikiza malo a maesiteti, choncho m'midzi anthu ndi othithikana koposa apa. Mabanja ambiri amalima timinda tating'ono, ena m'malo otsetsereka amene nthaka yake imakokoloka. Ichi ndi chifukwa chake nkhalango ya pa phiri ija inatha: anthu sanaidule chifukwa chodana ndi mitengo. Pakati pa 2004 ndi 2011 boma, mothandizidwa ndi World Bank, linayendetsa ntchito ya Kudzigulira Malo. Mabanja opitirira 15,000 anapeza minda, ndipo ena mwa iwo anachoka ku Thyolo ndi ku Mulanje n'kukakhala ku Machinga ndi ku Mangochi. Analandira malo, inde, koma anasiya manda a makolo awo. M'chaka cha 2016 gulu la People's Land Organisation, lotsogozedwa ndi Vincent Wandale, linalowa m'malo a esiteti ya Conforzi likufuna kugawana. Iye anamangidwa ndipo khoti linamupeza wolakwa. Mlandu unatha, koma njala ya malo sithera ku khoti.

Vuto lachitatu ndi ulemu wa amayi. Amayi ambiri amagwira ntchito ya nyengo chabe, ndipo munthu amene kulembedwanso kwake kuli m'manja mwa kapitawo amaopa kudandaula. M'chaka cha 2021 kampani ya Camellia inagwirizana zolipira chipepeso pa mlandu umene amayi 36 a m'maesiteti a Eastern Produce anakasuma ku London, ponena kuti anachitidwa nkhanza ndi kugwiriridwa pa ntchito. Kampaniyo sinavomere kulakwa, koma inalonjezanso njira zotetezera amayi. Taonani kutalika kwa ulendo umene dandaulo la amayiwa linayenda lisanamveke.

Vuto lachinayi ndi phindu. Tiyi wathu wochuluka amatumizidwa kunja m'matumba akuluakulu, wina kudzera ku okushoni ya ku Limbe, wina mwachindunji kwa ogula a ku Britain, South Africa ndi maiko ena. Ogula amamukonda chifukwa cha kufiira kwake, ndipo amamusakaniza ndi tiyi wa maiko ena n'kumulongedza m'mapaketi a maina awo. Ndalama yaikulu ili pa kusakaniza, kulongedza ndi kugulitsa m'sitolo, ntchito zimene zimachitikira kunja. Munthu wa ku London akhoza kumwa tiyi wa ku Thyolo moyo wake wonse osamvapo dzina la Thyolo.

Miyeso inayi yodziwira kampani ya kwathu

Pa zonse taonazi, ine ndikuona kuti kubadwira pamalo sikokwanira. Mwana wa pamudzi akhoza kugulitsa munda wa amayi ake, pamene mkamwini akhoza kusamala apongozi mpaka kuwaika m'manda. Choncho kampani tisamaiyeze ndi khungu la mwini wake kapena ndi dzina la pa chikwangwani. Tiziiyeza ndi mafunso anayi awa.

Loyamba: kodi zigamulo zimapangidwa kuti? Ngati nyakwawa kapena mtsogoleri wa antchito ali ndi nkhani, kodi angaonane ndi munthu amene ali ndi mphamvu yoyankha, kapena amauzidwa kuti adikire yankho lochokera kunja? Apa ndi pamene kampani ya banja lokhala pompo ili ndi mwayi, chifukwa mwini wake amayenda pa msewu womwewo ndipo amamwa madzi a m'phiri lomwelo.

Lachiwiri: kodi ndalama imatsala kuti? Thandizo lalikulu la kampani ku dera lake si mjigo wojambulidwa m'nyuzipepala. Ndi malipiro oyenera, mtengo wabwino wa masamba a alimi, msonkho wolipidwa mokhulupirika, ndiponso ntchito zoonjezera phindu zochitikira pompo. Satemwa, mwachitsanzo, imapanga mitundu yapadera ya tiyi, monga woyera ndi wobiriwira, n'kumaigulitsa kunja m'dzina lake. Tiyi wotere amafuna luso lochuluka ndipo amanyamula dzina la Thyolo.

Lachitatu: kodi ikudzala za mawa? Kampani imene ikufuna kukhalitsa imadzalanso minda yakale ndi mbewu zabwino monga zimene amapanga akatswiri a Tea Research Foundation ku Mimosa m'boma la Mulanje, imasamala akasupe, ndipo imaphunzitsa ana a m'deralo mpaka afike pa umanijala.

Lachinayi: kodi imamva? Mkamwini wabwino akalakwa amakhala pansi pa bwalo n'kumvera. Kampani imene imalola bungwe la antchito kugwira ntchito momasuka, ndiponso imene mayi wodandaula saopa kuchotsedwa ntchito, yayamba kukhala ya pamudzi.

Kampani imene ikubadwa

Nanga eni nthaka enieniwo, kampani yao ili kuti? Nthawi ya atsamunda tiyi anali mbewu ya azungu okha. Dziko litalandira ufulu, boma linakhazikitsa bungwe la Smallholder Tea Authority m'chaka cha 1967 kuti alimi wamba a ku Mulanje ndi ku Thyolo adzale tiyi m'minda mwao, ndipo pambuyo pake fakitale yogula masamba awo inamangidwa ku Mulanje. Ganizo linali labwino, koma bungwelo linalowa m'ngongole, alimi ankalipidwa mochedwa, ndipo linathetsedwa m'chaka cha 2002. Phunziro lake ndi lowawa koma lofunika: chinthu sichiyenda bwino chifukwa chongokhala m'manja mwa Amalawi. Pamafunika kukhulupirika ndi luso losunga mabuku a ndalama.

Zitatero, alimi anapanga magulu awo, monga Msuwadzi ndi Chizunga ku Thyolo, n'kumagulitsa masamba ku mafakitale a maesiteti oyandikana nawo. Alimi ang'onoang'ono onse a m'dziko muno amapanga tiyi wosafika gawo limodzi mwa magawo 10 a tiyi yense. Ndiponso poti masamba sachedwa kuonongeka, mlimi wopanda fakitale alibe mphamvu yokwanira yokana mtengo umene wapatsidwa. Komabe mutu umodzi susenza denga. Mlimi mmodzi wa theka la ekala sangakambirane ndi kampani, koma gulu la alimi mazana likhoza. Alimi a Msuwadzi, amene amagulitsa masamba ku Satemwa, anafika poyambitsa mothandizana ndi esitetiyo paketi yao ya tiyi yotchedwa Yamba. Ndi chinthu chaching'ono poyerekeza ndi matani a makampani akuluakulu, koma chikuonetsa kuti kampani yakale ikhoza kuthandiza kampani ya anthu wamba kuti iime payokha. Mwa zonse zimene maesiteti angapereke, ine ndikuona kuti ichi ndicho chokhalitsa.

Mau otsiriza

Tibwerere ku funso lathu. Kodi makampani a tiyi a ku Thyolo ndi eni mudzi kapena akamwini? Mbiri ikutiuza kuti onse anabwera ngati akamwini, ndipo malo anawapeza m'njira imene makolo athu sanaivomereze ndi mtima wonse. Ena akhalitsa, amanga, adzala, ndipo ana awo sadziwa kwina kumene angakutche kwao. Ena eni ake ali kutali ndipo akhoza kugulitsa esiteti mtengo wa tiyi ukatsika. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mitengo ya tiyi yakhala ku Thyolo kuyambira 1908, ndipo amene amapindula nayo sangakhale ngati mame. Ayenera kusenza udindo wa munthu wa pamudzi, kuyambira pa malipiro, pa malo ndi pa ulemu wa wantchito.

Nafenso tili ndi gawo. Ambiri a ife tili ndi abale amene amalawira m'mamawa ndi dengu kumsana, ndipo mwina fizi ya ena mwa ife inachokera m'dengu lomwelo. Magulu a alimi akufuna anthu odziwa masamu, malamulo ndi sayansi ya ulimi, anthu amene sangabe pa sikelo kapena m'buku. Tikamamwa tiyi m'mawa, tiziganizira kumene wachokera, ndipo tikalowa m'kalasi tizilimbikira podziwa kuti maphunziro athu akudikiridwa kumudzi.

Mafunso oti tikambirane m'magulu

1. Tchulani zinthu ziwiri zimene makampani a tiyi analandira kuchokera kwa anthu a ku Thyolo, ndi zitatu zimene iwo apereka.

2. Chifukwa chiyani mlimi wa tiyi wopanda fakitale amavutika kukambirana mtengo wa masamba ake?

3. Anthu akusowa minda, koma maesiteti ndi amene amalemba ntchito anthu ochuluka ndiponso asunga nkhalango yotsala. Mukanakhala mfumu ya m'deralo, mukanapempha chiyani kwa eni maesiteti ndi kwa boma?

4. Sankhani kampani imodzi ya kwanu, yaikulu kapena yaing'ono, ndipo muiyeze ndi miyeso inayi ija. Yakhoza ingati?